Bwanji dziko lonse limalira oyenda m'mlengalenga koma wakabaza timamulira tokha?

Funso ili linandipeza pasiwa, usiku wa mwezi wa Juni, chiperoni chikuchita kulowa m'mafupa mmene chimachitira kuno ku Mulanje. Anali maliro a alamu anga, amuna a mchemwali wanga, amene ankapalasa kabaza pa Chitakale, lole inawagunda madzulo akubwerera kunyumba ndipo anatha tisanafike nawo kuchipatala. Azimayi ali m'nyumba kuimba, ife azibambo tazungulira chitsa cha moto panja, ndiye mukudziwa ikamakwana 1 koloko nyimbo zimayamba kuchepa mphamvu, ena ayamba kusinza, anyamata atulutsa mafoni. Mphwanga, mwana woyamba wa malemuwo, wa Fomu 3, anabwera kudzakhala pafupi nane, tsiku lonse anali asanayankhule ndi munthu. Anandipatsa foni osanena kanthu. Pafonipo panali vidiyo yakale, chombo chikukwera kumwamba utsi woyera uli pambuyo, kenako moto, utsi uja nkugawikana ngati mphanda, kamera nkutembenukira kwa anthu ali chilili atagwira pakamwa. Ndiye anati, amalume, anthu awa anafa ine ndisanabadwe koma mpaka lero dziko likuwalira, nanga ababa bwanji sabata yamawa kunja kwa mudzi uno palibe adzawatchule?

Usiku umenewo ndinangomugwira phewa basi. Koma funsolo landikhala mumtima ndipo ndikufuna ndiliyankhe bwinobwino, chifukwa mwanayo sanafunse zachibwana.

Chombo chimene anandionetsacho dzina lake Challenger. Chinanyamuka ku Florida, ku America, pa 28 Januwale 1986 ndipo chinangoyenda masekondi 73 nkusweka, anthu 7 onse amene anali mmenemo anafa. Si okhawo. Mu 1967 Vladimir Komarov wa ku Soviet Union anafa parachuti ya chombo chake itakanika kutambasuka bwino pobwerera. Mu 1971 anzake atatu a mu Soyuz 11 anawapeza atafa kale m'mipando yawo chombo chitatera bwinobwino, mpweya unali utatuluka ali mmwamba. Pa 1 Febuluwale 2003 chombo cha Columbia chinasweka pamwamba pa Texas kutatsala mphindi 16 kuti chitere, anthu enanso 7. Mukaphatikiza maulendo anayi amenewa ndi anthu 18. Onjezerani atatu a Apollo 1 amene anapsa ndi moto ali pansi akuyeserera mu Januwale 1967. Pomwe pamisewu ya dziko lonse, malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, pamafa anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, kutanthauza oposa 3,000 patsiku, ndiye anthu 18 msewu umawamaliza mphindi 10 zisanakwane. Alamu anga ali m'gulu limeneli, ndi mmodzi mwa 3,000 a tsiku limenelo.

Nde ngati ndi kuchuluka, palibe mpikisano apa. Kulira sikutsata kuchuluka, ndipo apa mpamene pali mutu wa nkhani yonse.

Mtima wa munthu umagwira dzina ndi nkhope, nambala imaupitirira. Izi akatswiri anaziyesa ndithu, ndipo chimene chinandikhudza nchakuti dziko lathu lomwe lino lili mkati mwa kuyesako. Mu 2007 Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ku America. Anthu ankapatsidwa madola 5 kenako nkuwapempha kuti ngati akufuna aperekeko ku bungwe la Save the Children. Gulu lina analiwerengetsa manambala, ndipo mzere umodzi unkanena kuti njala ku Malawi ikukhudza ana oposa 3 miliyoni. Gulu lina analionetsa chithunzi cha kamtsikana kamodzi ka zaka 7 ka ku Mali, dzina lake Rokia. Amene anaona Rokia anapereka ndalama pafupifupi kuwirikiza kawiri kuposa amene anawerenga za ana athu 3 miliyoni aja. Chopweteka kwambiri nchakuti gulu limene analionetsa Rokia pamodzi ndi manambala linapereka zochepa kuposa limene linaona Rokia yekha, ngati kuti nambala ikangolowa mtima umazizira. Ana 3 miliyoni a kuno kwathu anagonja kwa mwana mmodzi chifukwa iye anali ndi dzina ndi maso oyang'ana, iwo anali mzere papepala.

Tsono oyenda m'mlengalenga dzina ndi nkhope amakhala nazo kale ngozi isanachitike, ndipo zimakonzedwa dala. Mu Challenger munali mphunzitsi, Christa McAuliffe, wa ku sukulu ya sekondale ya ku Concord, New Hampshire, mayi wa ana awiri, amene anasankhidwa pa aphunzitsi oposa 11,000 amene anafunsira mwayiwo. Miyezi yambiri ulendo usanachitike nyuzi ndi ma TV a ku America anali akumuonetsa akuphunzira, akuseka, akufotokoza kuti akaphunzitsa ana ali mmwamba. Tsiku lonyamuka ana m'masukulu ambiri anawasonkhanitsa kuti aonere, makolo ake ali pomwepo pabwalo kuyang'ana kumwamba. Tangoganizani sukulu yapulayimale ya kwanu, ana akhala pansi, ahedi atulutsa TV kuti tione atitcha akupita kumwamba, kenako ana onsewo nkuona imfa limodzi nthawi imodzi. Anthu amenewo sankalira mlendo ayi, ankalira munthu amene anakhala akulowa m'nyumba mwawo madzulo alionse. Munalinso Ronald McNair, munthu wakuda wachiwiri wa ku America kupita m'mlengalenga, amene ali mwana ku Lake City, South Carolina, anamukaniza kubwereka mabuku ku laibulale chifukwa cha khungu lake, lero nyumba imeneyo imatchedwa dzina lake. Mu Columbia munali Kalpana Chawla wobadwira ku Karnal ku India, ndi Ilan Ramon woyamba wa ku Israel kupita kumeneko. Aliyense ananyamula gulu lake la anthu pamsana, atsikana a ku India, ana akuda a ku America, aphunzitsi, ndiye akagwa onse amene anawanyamula aja amamva kuti agwa nawo.

Ine ichi sindichinyoza. Anthuwa ankadziwa kuti akukhala pamwamba pa matani a mafuta oyaka ndipo analowabe. Pali china chake mwa munthu chimene chimalemekeza amene wapita kumene ife tikuopa. Ngakhale kuno, tikayang'ana phiri m'mawa mitambo itakuta Sapitwa, timadziwa kuti pali malo amene munthu wamba safikako, ndipo mlendo akasowa kumeneko nkhani imamveka mpaka kunja, anthu nkumukamba zaka ndi zaka, pomwe mayi amene waterereka pamwala akutsika ndi mtolo wa nkhuni m'munsi mwa phiri lomwelo amadziwika ndi a m'mudzi mwake basi.

Chinanso ndi kusowa kwake. Chinthu chikamachitika tsiku ndi tsiku chimasiya kukhala nkhani, chimangosanduka nyengo ngati mvula. Malungo amapha anthu pafupifupi 600,000 pachaka, ambiri mwa iwo ana aang'ono a muno mu Africa, koma chifukwa amapha mmodzimmodzi, wina ku Thyolo wina ku Nsanje wina ku Nigeria, aliyense pamphasa yake, palibe sekondi imene dziko lingaloze nkunena kuti apa ndi pamene zachitika. Chombo chimasweka kamodzi pa zaka zambiri, pamalo amodzi, makamera ataloza kale. Ndipo makamerawo ali ndi eni ake, tisaiwale. Mu Juni 2023 tonse amene tinali ndi bandulo tinatsatira kachombo ka pansi pa nyanja kotchedwa Titan kamene kanasowa ndi anthu 5 akupita kukaona mabwinja a Titanic, maola a mpweya akuwerengedwa pa TV ngati mpira. Masiku ochepa izi zisanachitike, pa 14 Juni, boti lodzaza anthu othawa umphawi ndi nkhondo linamira pafupi ndi Pylos ku Greece ndipo anthu mazanamazana anafa. Funsani anthu lero kuti akukumbukira chiti.

Pali umboni wina umene kwa ine ndi wamphamvu kuposa wonsewu, chifukwa ukuchokera mkati mwa ntchito yomweyo ya zamlengalenga. Mu Malichi 1961, kutatsala milungu yochepa kuti Yuri Gagarin akhale munthu woyamba kuzungulira dziko ali m'mlengalenga, mnzake wina wophunzira naye, Valentin Bondarenko, mnyamata wa zaka 24, anapsa ndi moto m'chipinda choyeserera nkufa. Boma la Soviet Union linabisa, nkhani inadzatuluka poyera mu 1986, patapita zaka 25. Palibe dziko linamulira chifukwa palibe analiuza. Mu Malichi 1981, Columbia isanauluke nkomwe ulendo wake woyamba, amisiri anakomoka m'kachipinda ka chombo chomwecho chifukwa munali mopanda mpweya wopuma, ndipo awiri anafa masiku amenewo. Chombo chimodzimodzi, koma ndani amawadziwa? Mu 2003 momwemo, pamene dziko linkalira a Columbia, anthu awiri anafa helikopita itagwa akusaka zidutswa za chombocho m'nkhalango za Texas, ndipo mu Ogasiti roketi inaphulika ku Alcântara ku Brazil nkupha amisiri ndi mainjiniya 21. Anthu 21, kuchulukitsa katatu a Columbia, chaka chomwecho, ntchito yomweyo, koma kunja kwa Brazil ndi ochepa amene anamvako. Ndiye si mlengalenga wokha umene umabweretsa misozi. Ndi kuti ndani anapatsidwa nkhope, ndani anaonetsedwa, ndipo boma liti lili ndi mawu ofika patali.

Chifukwa maboma amalira nawo, ndipo akamalira amalira ndi zida zonse. Tsiku la Challenger pulezidenti Ronald Reagan anayimitsa uthenga wake wapachaka umene ankayenera kukapereka ku nyumba ya malamulo, m'malo mwake anayankhula kwa mtundu wonse za anthu 7 aja. Komarov ndi atatu a Soyuz 11 phulusa lawo linayikidwa pakhoma la Kremlin ku Moscow. Mu 1971 David Scott wa Apollo 15 anasiya pamwezi kachifanizo kakang'ono ndi kachitsulo kolembedwa mayina 14 a anzawo amene anafa, a ku America ndi a ku Soviet Union pamodzi. Ku Mars kuli mapiri otchedwa mayina a anthu a mu Columbia. Dziko likayika ulemu wake pa chombo, chombocho chikasweka ulemu uja umasweka nawo, ndiye maliro amakhala a boma lenilenilo.

Izi si za azungu okha, ifenso timatero, ndipo ndinene mosamala chifukwa ndi mabala amene sanapole. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atatigunda, napolo atatsika m'mapiri kuno ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, ku Soche, tinataya anthu oposa 1,000, ambiri matupi awo sanapezeke mpaka lero. Boma linalengeza masiku 14 olira. Pa 10 Juni 2024 ndege inagwa ku Chikangawa ndi wachiwiri kwa pulezidenti a Saulos Chilima ndi anthu ena 8, tinalira masiku 21, ndipo inenso ndinalira, ndinali pawailesi usiku wonse akusaka, chifukwa bambo amene aja ankayankhula ngati akuyankhula ndi iwe. Koma dziyeseni nokha, tchulani mayina a anthu 8 aja onse. Tchulani dzina limodzi la anthu anayi amene anafa atagundidwa ndi galimoto ku Ntcheu usiku umene thupi linkapita ku Nsipe. Tchulani mayina 10 okha a anthu a Freddy amene si abale anu. Mutu wanga umakhala ndi malo a munthu mmodzi amene ndinkamuona ndi kumumva, ena onse amasanduka "ndi ena". Apa Thyolo pomwe apa, pa Ndata, pali chinyumba cha manda a Bingu wa Mutharika chimene munthu amachiona ali patali, ndipo m'midzi yozungulira muli manda a anthu amene anathyola tiyi moyo wawo wonse, kachikwangwani ka dzina kakadyedwa ndi chiswe basi zatha.

Komabe pali pena pamene ndikufuna nditsutse mphwanga pang'ono, ndipo ndinadzamuuza patapita masiku. Si zoona kuti bambo ake analiridwa pang'ono. Pamsewu anayala masamba, aliyense wodutsa panjinga ankatsika nkuyenda wapansi, amene anavala chipewa ankavula. Adzukulu analawirira kumanda tambala woyamba. Azimayi anabwera ndi timbale ta ufa, ena nkhuni pamutu, akabaza anzake anabwera gulu nkuponya chipepeso chawo chochokera pa ndalama ya tsiku limenelo, ndalama imene ikanagula ndiwo kunyumba kwawo. Anthu anagona panja masiku awiri mu Juni. Mbiri ya malemu inawerengedwa, anabadwa liti, anabatizidwa kuti, wasiya ana angati, mfumu inayankhula. Munthu wa ku London amene amagwetsa msozi akaona vidiyo ya Challenger, ikatha amapitiriza kumwa tiyi wake, sanagonepo panja chifukwa cha Christa McAuliffe. Kulira kwa dziko lonse kumafika patali koma nkosaya, kwathu kuno sikudutsa mtsinje wa Ruo koma kumalowa pansi. Makolo anati maliro nkulirana, ndipo mwambo wathu wonse wa maliro ntchito yake ndi yomweyo imene TV imachitira oyenda m'mlengalenga, kumupatsa munthu dzina lake ndi nkhani yake pamaso pa gulu kuti asapite ngati nkhuku. Anamfedwa enieni a ku America aja, akazi ndi ana a malemuwo, ululu wawo ndi wofanana ndi wa mchemwali wanga, ndipo mwina iwo zinawavuta mwanjira ina chifukwa imfa ya bambo awo imaonetsedwa mobwerezabwereza chaka chilichonse.

Chimene chimandipweteka ine chili pena. Ndi zimene zimachitika misozi ikauma.

Challenger itasweka, zombo zonse za mtundu umenewo zinayimitsidwa miyezi 32. Anakhazikitsa komishoni yofufuza motsogozedwa ndi William Rogers, ndipo anakumba mpaka anapeza kuti chinalakwika ndi kamkombero ka labala kotseka polumikizira roketi, kamene kanauma ndi kuzizira chifukwa mmawa umenewo kunali pafupifupi madigiri 2 okha. Katswiri wina wa mu komishoniyo, Richard Feynman, anatenga kachidutswa ka labalayo nkukaviika m'kapu ya madzi oundana pamaso pa makamera, dziko lonse nkuona kuti sikabwerera msanga m'malo mwake. Zinatulukanso poyera kuti usiku woti mawa anyamuka, mainjiniya ena, mmodzi wa iwo Roger Boisjoly, anachenjeza kuti musanyamuke kukuzizira chonchi, koma akuluakulu sanawamvere. Za Columbia chimodzimodzi, anthu masauzande anayenda wapansi m'tchire kutola zidutswa zoposa 80,000, nkuziyala pansi m'chinyumba chimodzi mpaka anatsimikiza kuti kachidutswa kopepuka kotchingira thanki ya mafuta kanathothoka ponyamuka nkuboola phiko lakumanzere, ndipo pobwerera mpweya wotentha unalowera pamenepo. Zombo zinayimanso zaka ziwiri ndi theka. Anthu 7 anafa ndipo dziko linakana kunena kuti inali nthawi yawo.

Ifeyo pamaliro a alamu anga mawu amene ndinawamva kwambiri ndi omwewo, inali nthawi yawo, Mulungu anapatsa Mulungu watenga. Ndine wopemphera ndipo ndikudziwa kuti mawuwa amatonthoza, mchemwali wanga anawafuna tsiku limenelo. Koma alamu anga nawonso anali ndi kamkombero kawo ka labala. Pamalo pamene anagundidwa m'mbali mwa phula munadyeka, njinga ilibe pothawira, ndiye wakabaza amakakamizika kulowa mkati. Kunali kutada, njinga inalibe nyali kapena chonyezimira chakumbuyo chifukwa ndalama ya tsikulo imathera pa ufa. Galimoto yowatengera kuchipatala tinayipeza patapita nthawi yaitali, magazi akutayika. Chilichonse mwa zimenezi munthu angathe kuchiviika m'kapu ya madzi nkuonetsa anthu kuti taonani, apa ndi pamene panalakwika. Ndipo akabaza a pamenepo ndiwo mainjiniya ochenjeza aja, akhala akunena kalekale kuti malo amenewo adzapha munthu. Palibe anayimitsa msewu ngakhale ola limodzi. Mmawa mwake malole anali kudutsa liwiro lomwelo, ndipo pamalopo panangotsala mchenga umene munthu wina wachifundo anathira pamagazi.

Nchifukwa chake ndimakana anthu akamati za kulira kosiyanaku nzopanda ntchito, kuti wakufa wafa basi. Kumene misozi ya anthu ambiri yagwera nkumene ndalama, mafunso ndi manyazi a atsogoleri zimapita. Imfa ikaonedwa ngati yosayenera kuchitika imafufuzidwa ndipo yotsatira imapewedwa, ikaonedwa ngati nyengo imabweranso mawa kudzatenga wina. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira yake timaidziwa kalekale, madzi abwino ndi zimbudzi, palibe chinsinsi cha sayansi pamenepa ngati cha chombo. Koma anthu 1,700 aja anafika kwa ife ngati nambala yowerengedwa pawailesi madzulo, lero aonjezekera mwakuti, ndipo tinazolowera.

Mtima sitingausinthe kuti uzilira manambala, sunapangidwe choncho, Paul Slovic ndi anzake aja anaona kuti ngakhale utawafotokozera anthu za kukondera kumeneku sayamba kupereka zambiri kwa gulu lija, amangochepetsa za Rokia. Chimene chingatheke nkubweza mayina pamene pali manambala. Ine ndikanakonda kuona khoma pa Mulanje boma kapena pa Muloza lolembedwa dzina lililonse la munthu amene anapita ndi madzi a Freddy, mudzi ndi mudzi, monga ku Kennedy Space Center kuli khoma la mwala wakuda la mayina a oyenda m'mlengalenga, loti mwana wasukulu azitha kuyika chala pa dzina la agogo ake. Mafumu mayinawo ali nawo m'makaundula, si ntchito yofuna roketi.

Mphwanga ndinakhala naye pansi tsiku lometa, ndinamufotokozera zambiri mwa izi, za mphunzitsi uja, za labala, za amisiri amene palibe amawatchula. Anamvetsera mutu uli pansi. Kenako anandifunsa ngati njinga ya bambo ake ingawongoleke. Tinapita nayo kwa wokonza njinga pa Chitakale, anasintha limu yakutsogolo ndi foloko, ine ndinagula nyali ndi chonyezimira chofiira ndipo ndinaimirira pomwepo mpaka anazimanga. Loweruka lililonse tsopano amalawirira nayo kukanyamula anthu kuti apeze ya fizi ndi ya sopo wa azing'ono ake, ndipo njira yake ndi yomweyo, amadutsa pamalo paja kawiri, popita ndi pobwera.